CPU ili pa 100 mukamasewera pa Foundry, Roll20 kapena Fantasy Grounds: muyambe ndi njira iti?

Amene mumasewera Dungeons & Dragons kapena Pathfinder pa intaneti, kudzera pa mapulogalamu a VTT (virtual tabletop, tebulo la magemu la pa kompyuta) monga Foundry, Roll20 kapena Fantasy Grounds, mukudziwa zomwe ndikunenazi. GM (Game Master, woyendetsa gemu) watsegula mapu, mwangosuntha tokeni (kachithunzi koimira munthu wanu pa mapu) kamodzi basi fani ya laputopu yayamba kulira, kiyibodi yatentha, mawu a anzanu pa Discord akuduka duka, mukatsegula Task Manager nkupeza CPU, pulosesa ya kompyutayo, ili pa 90 kapena 100 pelesenti. Chonsecho pa sikirini palibe chikuthamanga ayi, ndi chithunzi cha ndende kapena nkhalango chokhala ndi tizithunzi ta anthu pamwamba. Zimapweteka kwambiri chifukwa gulu lonse limaima kudikira munthu mmodzi, ndipo munthuyo amayamba kuchita manyazi mpaka ena amangosiya kubwera.

Mukafunsa, malangizo amabwera ambirimbiri. Wina akuti gulani kompyuta ina, wina akuti lipirani seva, wina akuti siyani pulogalamu imeneyo bwerani kuno. Aliyense nthawi zina amakhala akunena zoona koma akuchiza matenda osiyana. Chomwe ndikufuna mugwire poyamba ndi ichi: m'mapulogalamu onsewa ntchito yojambula mapu, kuwala ndi mithunzi imachitika pa makina a wosewera aliyense payekha. Seva imangotumiza mafayilo ndikuuza aliyense kuti tokeni yakuti yapita pakuti. Mukagwira zimenezi muona nokha kuti njira zodula ndalama zambiri ndi zomwe nthawi zambiri sizikhudza vutolo nkomwe.

Muone kaye amene akudya CPU

Izi si njira yokonzera koma popanda izi mukhala mukungolota. Pa Windows dinani Ctrl+Shift+Esc, mupite pa Performance muone CPU ndi GPU (chipangizo chojambula zithunzi pa sikirini) zonse ziwiri gemu ili yotsegula. Ngati mumasewera pa Chrome dinaninso Shift+Esc, imatsegula Task Manager ya Chrome yeniyeniyo yomwe imaonetsa tabu iliyonse ndi extension iliyonse payokha. Pa Firefox lembani about:processes pamwamba paja polemba adiresi. A Mac muli ndi Activity Monitor.

Ndiye muone khalidwe lake. Ngati CPU ili m'mwamba pomwe GPU yangokhala pafupi ndi 0, vuto lanu ndi hardware acceleration, kutanthauza kuti ntchito yojambula siikupita kwa GPU. Ngati zonse zili m'mwamba ngakhale palibe amene akugwira mbewa, ndi nkhani ya framerate (kuchuluka kwa zithunzi zojambulidwa pa sekondi) kapena zinthu zoyenda zokha pa mapu. Ikamangolumpha pomwe munthu wasuntha tokeni kenako nkutsika, yang'anani makoma ndi nyali za pa mapu, komanso ma module (timapulogalamu toonjezera pa Foundry). Ndipo ikamayamba bwinobwino kenako pakapita nthawi nkuyamba kustaka, ganizirani kutentha kapena RAM kudzaza.

Pali kanthu kena komwe kamasokoneza anthu. Foundry ndi Roll20 zimayenda pa JavaScript, ndipo ntchito yambiri ya tsamba limodzi imadutsa pa thread imodzi, kanjira kamodzi mwa tinjira tingapo tomwe pulosesa imagwirira ntchito. Ndiye pa pulosesa ya ma thread 8 Windows ikhoza kukuonetsani 13 kapena 15 pelesenti yokha, inu nkumati CPU ili bwino, pomwe thread imodziyo yadzaza kale ndipo gemu ikukoka miyendo. Pa Mac ndi mosemphanitsa, 100 pelesenti mu Activity Monitor ikutanthauza core imodzi yokha, kagawo kamodzi ka pulosesa, ndiye kuona 130 si chinthu choopsa.

Hardware acceleration

Iyi ndi yaulele, imatenga mphindi zochepa, ndipo ikakhala kuti ndiyo inali vuto kusintha kwake kumakhala kwakukulu kuposa njira ina iliyonse pano. Foundry imajambula ndi PixiJS kudzera pa WebGL, kutanthauza kuti imayembekezera kuti GPU ndi imene igwire ntchito yojambulayo. Bulawuza ikalephera kufikira GPU, kaya setingi yazimitsidwa kapena madraiva ndi akale moti bulawuza yawakana, imatha kuyamba kujambula ndi CPU. Chrome kwa zaka zambiri yakhala ikuchita izi ndi kapulogalamu kotchedwa SwiftShader. Kuli ngati kusinja thumba lonse la chimanga mumtondo chigayo chili pakhomo pomwepo, ufa utuluka inde koma mochedwa ndipo wosinjayo atheratu.

Lembani chrome://gpu pa adiresi muone mzere wa WebGL. Ukalemba Hardware accelerated muli bwino. Ukalemba Software only, mwapeza wakuba. Pitani ku Settings, System, muyatse Use graphics acceleration when available kenako mutseke Chrome yonse ndikutsegulanso. Pa Edge ndi edge://gpu, pa Firefox ndi about:support. Foundry nayo imatulutsa chenjezo pamwamba ikaona kuti acceleration palibe, anthu ambiri amangolitseka osawerenga, chonde muziwerenga.

Ikakhala yoyatsa kale koma ikukanabe, ikani madraiva atsopano a GPU kuchokera kwa Intel, AMD kapena NVIDIA. Pali ma flag awiri mu chrome://flags omwe anthu amatchula, Override software rendering list ndi Choose ANGLE graphics backend. Amathandizadi pa makina ena akale koma ine ndimawaika kumapeto, chifukwa loyambalo likukakamiza bulawuza kugwiritsa ntchito draiva yomwe inakanidwa pa chifukwa, ndiye mukhoza kusinthanitsa kuchedwa ndi sikirini yakuda pakati pa nkhondo.

A malaputopu okhala ndi ma GPU awiri, ya Intel yam'kati ndi ya NVIDIA kapena AMD yapadera, muli ndi kanthu kena. Windows kawirikawiri imapatsa bulawuza GPU yaing'onoyo kuti batire ikhalitse. Pitani ku Settings, System, Display, Graphics, musankhe bulawuza yanu kapena Foundry kapena Fantasy Grounds muike pa High performance. Kuipa kwake batire imatha msanga, ndiye magetsi akazima pakati pa gemu mudziwe kuti nthawi yanu yachepa.

Pomwe njirayi sithandiza ndi pomwe chrome://gpu yanena kale kuti zonse zili bwino. Pamenepo osataya nthawi, pitani kutsogolo.

Kutsitsa framerate, njira yomwe ine ndimaikonda kuposa zonse

Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa anthu amaidumpha poganiza kuti ndi kudzichepetsera gemu. Pulogalamu ikamajambula ma frame 60 pa sekondi ili ndi mamilisekondi 16.7 okha kuti imalize frame iliyonse. Mukaika pa 30 ili ndi 33, ndipo ntchito yojambula pa sekondi yatsika ndi theka. Pa gemu yowomberana 30 mungaimve m'manja. Koma ife tikusuntha tokeni bokosi limodzi kenako nkukambirana mphindi zisanu ngati chitseko chili ndi msampha. Maso anu azolowera msanga, fani ikhala chete, ndipo laputopu siitentha mpaka kudzichedwetsa yokha.

Pa Foundry zili mu Configure Settings, gawo la Core. Muli Maximum Framerate yomwe imabwera ili pa 60, itsitseni pa 30, makina ofooka kwambiri ngakhale 20 imaseweredwa. Mulinso Performance Mode ya Low, Medium, High ndi Maximum, komanso mabokosi ozimitsira animation ya nyali ndi ya maso a tokeni. Chabwino nchakuti masetingi amenewa ndi a munthu aliyense payekha, mukatsitsa inu simunakhudze anzanu, ndipo simufunika chilolezo cha GM. Ngati muli ndi sikirini ya 4K kapena Retina ya MacBook yang'ananinso setingi ya resolution scaling. Sikirini ya 3840 ndi 2160 ili ndi mapikiselo opitirira 8 miliyoni, kanayi kuposa ya 1920 ndi 1080, ndiye GPU yaing'ono ikujambula kanayi pa frame iliyonse.

Pa Fantasy Grounds nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri. SmiteWorks itasamutsa pulogalamuyi kupita pa Unity, yomwe inatuluka mu 2020, inayamba kukhala ngati gemu ya kanema, ikujambula windo yonse mobwerezabwereza ngakhale mwangotsegula tsamba la character nkupita kukatenga tiyi. Amene anazolowera yakale ija anadabwa kuona makina akutentha pa pulogalamu yooneka chimodzimodzi. Mankhwala ake ndi kulemba /vsync mu chat ndi nambala. Pa Unity nambala 1 ikutanthauza kujambula nthawi iliyonse sikirini ikadzitsitsimutsa, 2 kamodzi pa kawiri, mpaka 4. Ndiye pa sikirini ya 60 Hz, /vsync 2 ikupatsani 30. Pa sikirini ya 144 Hz, zomwe malaputopu ambiri a magemu ali nazo masiku ano, 1 ndi ma frame 144 pa sekondi kujambula mapu osayenda, 2 ndi 72, 4 ndi 36. Ichi nchifukwa chake nthawi zina munthu wa laputopu yodula ndi amene amadandaula kutentha kuposa wa laputopu yakale.

Mukhozanso kuika malire kunja kwa pulogalamu, mu NVIDIA Control Panel muli Max Frame Rate yomwe mumaika pa pulogalamu imodzi yokha, kapena kungotsitsa refresh rate ya sikirini kufika pa 60 Hz mu Windows. Yachiwiriyi imathandizanso pa Roll20 ndi china chilichonse cha m'bulawuza, popeza bulawuza imatsatira liwiro la sikirini.

Poyerekeza ndi hardware acceleration, iyi ndi yosiyana motere: ija imathandiza anthu ochepa koma kotheratu, iyi imathandiza pafupifupi aliyense koma pang'ono kapena pakatikati. Chomwe singachite ndi kuchotsa kustaka kuja kobwera tokeni ikasuntha, chifukwa kumeneko ndi masamu a makoma osati kuchuluka kwa ma frame.

Kupeputsa mapu, ntchito ya GM

Njira ziwiri zapitazi ndi za wosewera. Iyi ndi ya GM ndipo ndi yokhayo yomwe imathandiza gulu lonse nthawi imodzi, koma imadya nthawi komanso imafuna mtima wololera kusiya zinthu zokongola. A GM anzanga ndikupempheni, mukamakonza mapu muziganizira munthu wa makina ofooka kwambiri pagulu lanu osati makina anu.

Tiyambe ndi kukula kwa chithunzi. Anthu amayang'ana fayilo, akaona 6 MB nkumati ndi yaing'ono. Koma chithunzi chikatsegulidwa kuti chijambulidwe chimafutukuka, pikiselo iliyonse imatenga ma byte 4. Mapu a 4000 ndi 4000 ndi 64 MB, a 8000 ndi 8000 ndi 256 MB, ndipo pa laputopu ya GPU yam'kati memory imeneyo ikuchoka pa RAM yomweyo yomwe Windows, Chrome ndi Discord zikulimbirana. Kusintha PNG kukhala WebP nkwabwino kwambiri pa bandulo ndi pa nthawi yoloda, ndimalimbikitsa, koma musanamizidwe, sikuchepetsa ntchito yojambula. Chochepetsa ndi kudula mapikiselo. Mapikiselo 100 pa bokosi lililonse ndi okwana, ndipo ndende yaikulu ndi bwino kuigawa pawiri kapena patatu kusiyana ndi kuiika yonse pa scene imodzi.

Kenako makoma. Tokeni yokhala ndi maso ikasuntha, pulogalamu imawerengera zomwe ikuona poyang'ana makoma ozungulira, ndipo nyali iliyonse imachita masamu ofanana kuti idziwe pomwe kuwala kwake kukuthera. Masamu amenewa pa Foundry amachitika pa CPU ya wosewera. Chipinda cha makona anayi ndi tizidutswa tinayi ta khoma. Phanga lomwe munthu walitsatira mwala uliwonse likhoza kukhala ndi tizidutswa mazana kapena masauzande, makamaka mapu obwera ndi makoma opangidwa okha kuchokera ku mapulogalamu ojambulira mapu monga Dungeondraft. Chulukitsani ndi nyali 30 zoyaka mwa animation ndi zilombo 20 zomwe GM wazipatsa maso popanda chifukwa, mwaona pomwe CPU ikupita. Makoma a phanga ajambuleni mowongoka, osewera saona kusiyana kwake. Zilombo zichotsereni maso. Nyali zazing'ono zambiri zoyandikana zisandutseni imodzi.

Pa Roll20 ndi chimodzimodzi ndi Dynamic Lighting, yomwe imabwera kwa olipira. Explorer Mode, ija yokumbukira malo omwe mwadutsa kale, imalemera, ndipo pali setingi yoti kuwala kuzisintha pokhapokha tokeni ikaikidwa pansi osati nthawi yonse yomwe mukuikoka. Imeneyo yatsani. Roll20 inabweretsanso injini yatsopano yotchedwa Jumpgate mu 2024 pofuna kuthana ndi kuchedwa komweku, ndiye ngati gemu yanu ndi yakale muone ngati ikuyenda pa injini yatsopanoyo.

Mapu a kanema a WebM, aja madzi akuyenda ndi mitengo ikugwedezeka, ndi okongola zedi sindikana. Koma ndi kanema amene akusewera osaima maola anayi pansi pa china chilichonse, ndipo makina omwe sangathe kumasulira kanemayo ndi GPU amamupereka kwa CPU. Sungani amenewo pa nkhondo yaikulu yomaliza.

Chomaliza apa ndi dziko (world, momwe Foundry imatchulira gemu yanu yonse) lomwe lanenepa. Pa Foundry chilichonse chomwe chili mu sidebar, ma actor, ma item, ma journal ndi chat yonse, chimatumizidwa kwa wosewera aliyense akamalowa, pomwe za mu compendium, nkhokwe yake yosungiramo zinthu, zimangobwera zikafunidwa. Amene anaika zilombo zonse za m'buku mu sidebar akulemetsa aliyense. Zibwezereni mu compendium, chat muziisunga pa fayilo nkuifufuta. Pa Roll20 nako chat archive yaitali imachedwetsa kulowa. Izi zimathandiza RAM ndi nthawi yoloda kuposa CPU yeniyeniyo, koma RAM ikadzaza kompyuta imayamba kulemba pa disiki ndipo zonse zimastaka limodzi.

Ma module

Foundry mphamvu yake ndi ma module, ndipo matenda ake ambiri ndi ma module omwewo. Dice So Nice imagubuduza madayisi a 3D, Sequencer ndi Automated Animations pamodzi ndi JB2A zimaponya moto ndi mphezi pa mapu, FXMaster imagwetsa mvula ndi chifunga, Token Magic FX imaika zonyezimira pa matokeni. Iliyonse payokha si yoipa, ndipo anthu omwe amazipanga amagwira ntchito yaikulu, ambiri kwaulele. Koma zikakhala 80 pamodzi, zina zosasinthidwa kuyambira version yapitayo, imodzi ikhoza kumabwereza ntchito yomweyo nthawi iliyonse tokeni ikasuntha.

Kuyesa kwake nkosavuta. Tsegulani dziko lanu mu Safe Configuration, yomwe imazimitsa ma module onse. CPU ikatsika mwadziwa. Ndiye osayamba kuyatsa imodzi imodzi, mugona pomwepo. Yatsani theka, yesani, gawaninso theka lomwe lili ndi vuto. Ma module 64 amafuna maulendo 6 okha mwa njira imeneyi, ndipo pali module yotchedwa Find the Culprit yomwe imakuyendetsani pa ndondomeko yomweyi. Pa Fantasy Grounds ndi ma extension, chitani zomwezo, pangani campaign yatsopano yopanda extension muone ngati vuto lilipobe. Ndipo osaiwala ma extension a bulawuza yeniyeniyo, omasulira, oyang'ana galamala, otchinga malonda, ena amasanthula tsamba nthawi iliyonse chat ikasintha. Tsegulani gemu mu windo ya Incognito muone kusiyana.

Kuipa kwa njirayi nkwakuti nthawi zina wolakwayo ndi module yomwe gulu lonse limaikonda. Madayisi a 3D aja aliyense akhoza kuwatsitsa kapena kuwazimitsa pa makina ake, ndiye pamenepo palibe mkangano. Zina ndi zoti mukambirane ngati gulu.

Kusamutsa seva

Iyi ndi yomwe anthu amathamangira ndi ndalama m'manja, ndipo ndi yomwe imakhumudwitsa kwambiri ikagulidwa pa chifukwa cholakwika. Foundry mumagula kamodzi pa madola 50 nkuiyendetsa nokha, kapena kulipira makampani monga The Forge ndi Molten Hosting kuti akusungireni. Ena amaika pa Raspberry Pi 4 kapena pa seva ya pamtambo. Funso ndi lakuti, kodi zimenezi zitsitsa CPU?

Kwa wosewera wamba, ayi. Seva ya Foundry ndi kapulogalamu ka Node.js kopepuka, umboni wake ndi womwewo woti imayenda pa Raspberry Pi. Kujambula kukuchitikabe pa laputopu yake yomwe ija, ndi makoma omwe aja ndi nyali zomwe zija. Mukhoza kulipira seva yamphamvu chotani, fani yake ilirabe.

Chomwe kusamutsa seva kumachiza ndi netiweki. Ngati mapu akutenga nthawi yaitali kufika kwa osewera chifukwa upload ya GM ndi yochepa, kapena anthu akulephera kulowa nkomwe, pamenepo hosting ndi yankho lenileni. Amene timagwiritsa ntchito intaneti ya foni kapena MiFi timakumana nazo kwambiri izi, chifukwa manetiweki a mafoni nthawi zambiri amagawira anthu ambiri adiresi imodzi, ndiye kutsegula port 30000 kuti anzanu akulowereni sikutheka. Komanso GM magetsi akamuzimira dziko lonse limazima naye. Pa zifukwa zimenezo lipirani ndi mtima umodzi. Koma limenelo ndi vuto lina, si la CPU.

Kwa GM pali kaphindu pang'ono. Pulogalamu ya Foundry ya pa desktop inamangidwa pa Electron, kutanthauza kuti ndi bulawuza ya Chromium yokulungidwa pamodzi ndi seva. Ma GM ena amalowa mu pulogalamuyo komanso nkutsegula Chrome kuti aone zomwe osewera akuona, ndiye makina amodzi akujambula mapu kawiri. Yesani kusiya pulogalamuyo pa tsamba lolowera, inu mulowe pa Chrome kapena Firefox ndi localhost:30000. Kapena muike version ya Node.js yopanda windo. Zonsezi ndi zaulele, ziyeseni musanalembetse zolipira mwezi ndi mwezi.

Discord, kanema ndi kutentha

Nthawi zina VTT ikunamiziridwa. Discord nayo ndi Electron, ndiye muli ndi mabulawuza awiri otsegula. Makamera a anthu asanu, noise suppression ya Krisp yomwe imayenda pa CPU, komanso wina akuulutsa sikirini yake, zonsezo pamodzi zikhoza kudya kuposa gemu. Njira yachidule yomwe imagwira ntchito ndi kuika Discord pa foni ndi mahedifoni, laputopu itsale ndi mapu okha. Ngati mukugwiritsa ntchito Discord zimitsani mawu ndi kanema wa m'kati mwa Roll20 kapena Foundry kuti zisayende kawiri.

Kutentha nako. Mapulosesa ambiri a malaputopu akafika cha m'ma 95 mpaka 100 digiri amadzitsitsa liwiro okha kuti asapse, ndipo ntchito yomwe inali 60 pelesenti imasanduka 100 chifukwa pulosesayo yafooka. Malaputopu ogula ogwiritsidwa kale ntchito amabwera ndi fumbi m'fani ndi thermal paste youma, kuonjezera kutentha kwa Okutobala, basi. Pulogalamu yaulele ya HWiNFO ikuonetsani kutentha komanso ngati throttling, kudzitsitsa liwiro kuja, ikuchitika. Kupukutitsa fani ndi kusintha paste kwa okonza makompyuta ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi makina atsopano. Osasewerera pabedi kapena pa pilo, ikwezeni kumbuyo mpweya udutse, ndipo ikhale pa chaja chifukwa pa batire Windows imachepetsa mphamvu.

Kusintha pulogalamu

Zonse zikakanika, kapena pagulu pali anthu awiri atatu a makina ofooka, funso lisinthe. Kodi mukufunadi makoma ndi nyali zoyenda zokha? Magulu ambiri amafuna mapu, matokeni, madayisi ndi chifunga chomwe GM akuchotsa ndi dzanja. Owlbear Rodeo inapangidwira zimenezo, imayenda m'bulawuza, imatseguka ngakhale pa foni ndi tabuleti, ndipo kuyamba ndi kwaulele. Mtengo wake ndi wakuti masamu a malamulo muzichita nokha, zomwe pa Pathfinder 2e, pomwe Foundry imawerengera pafupifupi chilichonse, muzimva kusowa kwake. Roll20, yomwe yakhalapo kuyambira 2012, ili pakati, mukazimitsa Dynamic Lighting imapepuka ndithu ndipo simusamala za seva. Fantasy Grounds ndi yamphamvu pa malamulo ndi mabuku ogula okonzeka kale koma aliyense ayenera kuiika pa kompyuta yake. Tabletop Simulator musaiganizire nkomwe ngati vuto lanu ndi makina ofooka, ndi 3D yonse yokhala ndi physics.

Koma ndinene mosabisa, kusamuka ndi njira yodula kuposa momwe imaonekera. Mabuku omwe munagula pa pulogalamu imodzi kawirikawiri sasamuka nanu, campaign ya chaka chonse muyamba kuilowetsanso, ndipo osewera aphunzira mabatani atsopano. Musanasamuke yesani kusandutsa pulogalamu yanu yomweyo kukhala yopepuka. Pa Foundry zimitsani Token Vision pa scene, osaika nyali, ma module ochepa, mwatsala ndi chinthu chopepuka kwambiri ndipo character sheet zanu zonse zilipo.

Kugula makina

Ndaiika kumapeto dala. Foundry imanena kuti pafunika RAM ya 8 GB ndi sikirini yosachepera 1366 ndi 768, ndipo imalimbikitsa 16 GB ndi GPU yapadera. Ngati muli pa 4 GB palibe setingi yomwe ikupulumutseni, Windows ndi Chrome zokha zamaliza kale. Koma pamenepo chofunika ndi kuonjezera RAM osati laputopu yonse, ngati yanu ili ndi malo oikamo. Ndipo pa GPU yam'kati pali phindu lina lomwe anthu salidziwa, timitengo tiwiri ta RAM tofanana timayenda mwa dual channel, ndipo popeza GPU yam'kati imadalira RAM yomweyo, 2 za 8 GB zimajambula bwino kuposa imodzi ya 16 GB. Ngati mukadali pa hard disk yozungulira, SSD isintha nthawi yoloda ndi kustaka kobwera RAM ikadzaza, ngakhale pa CPU yeniyeniyo sichita kanthu.

Mukafika pogula makina ena, musakopeke ndi kuchuluka kwa ma core kapena chizindikiro cha i7 chokha. Pa Foundry ndi Roll20 liwiro la core imodzi ndi lomwe limawerengera makoma aja, ndiye i5 kapena Ryzen 5 ya m'badwo watsopano imaposa i7 ya zaka khumi zapitazo, yang'anani nambala ya m'badwo osati dzina. Ndipo musanapereke ndalama pemphani wogulitsayo akuloleni kutsegula chrome://gpu pa makinawo, kenako mulowe mu gemu ya gulu lanu pa mapu olemera kwambiri omwe GM ali nawo, musunthe tokeni kangapo Task Manager ili yotsegula pambali.